Lipoti la nkhani: ambuya oonda, VIA yoyera, koma p53 itathyoka kale

Anzanga a m'makiliniki ndi m'mawadi kuno kum'mawa, lipoti ili la khansa ya mkati mwa chiberekero ndalemba makamaka chifukwa cha inu amene mumayamba kuwaona azimayiwa asanafike kwa ife a gynae. Eni nkhani ndi mwana wawo anavomera kuti ndilembe, dzina ndi mudzi ndachotsa, tina ndi tina ndasintha kuti asadziwike.

Wodwala ndi mmene anabwerera

Amai a zaka 64, mlimi wa chimanga ndi nshawa chakumbali kwa Chadiza, amuna awo anamwalira, anabereka ana 8 onse panjira yabwino, 6 ali moyo. Kumwezi anasiya kale, zaka sawerenga koma ati ndi chaka chomwe anamwalira a Mwanawasa, ndiye kuti 2008. Shuga alibe, BP ili bwino, HIV alibe, sanamwepo mankhwala a mahomoni kapena tamoxifen wa khansa ya bere uja, fodya sasuta. Sikelo inati 47 kg, munthu wa kathupi kouma wozolowera khasu. Kubanja sakumbuka aliyense amene anadwala khansa ya bere, ya matumbo kapena ya m'mimba, ngakhale mukudziwa kuti kumudzi ambiri amangoti "anatupa m'mimba n'kumwalira".

Dandaulo linali magazi otuluka kumaso pang'ono pang'ono kwa miyezi 9, tsiku lina timadontho, masabata awiri zii, kenako ayambanso, ndipo miyezi 3 yomalizayo kunayamba kutuluka madzi ofiirira onunkha oti nsalu ziwiri patsiku. Iwo sanauze munthu. Amene anazindikira ndi mwana wawo wamkazi, mphunzitsi muno mu Chipata, atapita kumudzi pa holide anaona amai ake aphika ndiwo koma akuitana kamdzukulu kuti kabwere kathire mchere. Mayi amene anasiya kumwezi zaka zoposa 15 zapitazo aopa mdulo chifukwa chiyani? Atawapanikiza kuseri kwa nkhokwe m'pamene anaulula kuti "mwana wanga, zinabwerera". Kwa iwo kunali kusamba kwabwerera basi, chinthu chochititsa manyazi koma osati matenda.

Anapita nawo pa kiliniki ina, kumeneko anawapatsa metronidazole ndi doxycycline ati ndi infekishoni, koma magazi sanasiye. Ulendo wachiwiri anawapima VIA, kupima kuja kopaka viniga pa khomo la chiberekero posaka khansa, khomo loyera lopanda vuto, khadi analemba negative, anawauza kuti khansa mulibe, abwerenso pakapita zaka. Khadi limenelo analisunga mu pulasitiki ya shuga ndipo ndi chinthu choyamba chimene anandionetsa atalowa, "adotolo anandipima kale, kansa nilibe, mungondipatsako mankhwala oumitsa magazi". Kuchokera pa VIA ija kufika tsiku limenelo panali patadutsa miyezi 5.

Sindikunyoza VIA ayi. Pulogalamu yopima khomo la chiberekero inayamba mu 2006 muno mu Zambia ndipo yapulumutsa azimayi ambirimbiri, khansa ya khomo ndiyo imatipha kwambiri kuno kuposa ina iliyonse ya azimayi. Koma viniga amaona khomo chabe, mkati mwa chiberekero safikamo, komanso kwa mayi wodutsa zaka 50 malo amene timafuna kuona aja amakhala atalowa mkati moti ngakhale pa khomo penipenipo VIA siidalirika. Ndipo kupima kwa screening ndi kwa munthu amene alibe dandaulo. Uyu anali ndi dandaulo.

Zimene tinapeza

Maso otuwa pang'ono, Hb, mlingo wa magazi, 9.1, impso ndi chiwindi zili bwino. M'mimba mofewa, mulibe madzi oti ungawamve ndi manja, anabere pakhosi ndi m'mphechepeche palibe. Pa speculum njira youma yopyapyala monga imakhalira kwa achikulire, khomo laling'ono losalala, koma magazi amadzimadzi akutsika kuchokera mkati kudzera pa kabowo ka khomo. Ichi chokha chinali chokwanira. Popima ndi manja awiri chiberekero chinali chachikulu ngati cha mimba ya masabata 10, pomwe pa msinkhu umenewu chimayenera kukhala chitafota, chinali kusuntha bwino, m'mbali mulibe chotupa.

Sikani inaonetsa endometrium, kachikopa ka mkati kaja kamene kamayoyoka mwezi ndi mwezi, kokhuthala 14 mm, kosasalala, ndi timadzi mkati komanso kanthu ngati polyp, kanyama komera kolendewera, chakumwamba. Kwa mayi wosiya kumwezi amene akutaya magazi malire ndi 4 mm, kupitirira apo nyama iyenera kupita ku labu, ndipo olo itakhala yopyapyala koma magazi sakusiya, timatengabe, chifukwa mtundu umene ndikambe pansipa umatha kumera pa kachikopa kopyapyala. Pipelle, kachubu kotengera nyama mkati mwa chiberekero, tinalibe, tinagwiritsa ntchito syringe ya MVA yotsukira chiberekero ija ndi cannula yaing'ono titabaya lignocaine pa khomo, nyama inatuluka yambiri, yofumbutuka, yotuwa, tinaiika mu formalin tsiku lomwelo. Amene mwachitapo izi mukudziwa kuti chiberekero cha gogo wabwinobwino chimangokupatsa timamina, ukaona syringe yadzaza mtima umagunda. X-ray ya pachifuwa inali yoyera.

Zotsatira zinatenga masabata angapo, mwana wawo ndi amene ankalondola pa foni mpaka zinatuluka: serous carcinoma ya endometrium, mtundu wina wa khansa ya kachikopa ka mkati kaja. Banja linasonkherana ndalama kuti block, kachidutswa ka nyama ija kosungidwa ku labu, ikapimidwenso ku labu ya private ku Lusaka ndi ma stain apadera aja a immunohistochemistry. Yankho linati p53, puloteni yoletsa khansa imene ndikambe pansipa, yadetsa mwamphamvu pafupifupi selo lililonse la chotupa, mapuloteni anayi a mismatch repair okonza zolakwika mu DNA, MLH1, PMS2, MSH2 ndi MSH6 onse alipo, estrogen receptor yofooka. POLE, gene ina imene ndikambenso pansipa, sinapimidwe, imafuna sequencing ndipo mtengo wake banja silikanakwanitsa.

Chifukwa chake amai awa sanafanane ndi za m'buku

Tonse kusukulu anatiphunzitsa chithunzi chimodzi, mayi wonenepa, wa shuga ndi BP, wosabereka kapena wa mwana mmodzi, wochedwa kusiya kumwezi. Chithunzicho si chabodza koma ndi theka la nkhani, ndipo chimene chimalekanitsa matheka awiriwa ndi ma gene amene athyoka.

Selo lililonse lili ndi ma gene olikankha kuti ligawike ndi ena oliletsa, oletsawa ndi amene timati tumor suppressor. Pofotokozera mwana wa amaiwa ndinatenga njinga, poti muno mu Chipata palibe amene sanakwerepo ya kabaza. Njinga ili ndi mabuleki awiri, ndipo gene iliyonse tili nayo iwiri, ina yochokera kwa amai ina kwa atate. Buleki imodzi ikaduka wakabaza amatsikabe chitunda, movutikira koma amaima, ikadukanso yachiwiri ndiye basi. Alfred Knudson ndi amene anatulukira zimenezi mu 1971 poona khansa ya m'diso ya ana, retinoblastoma, kuti ana obadwa buleki imodzi itaduka kale amadwala msanga ndipo nthawi zambiri maso onse, pomwe ena amafunika ngozi ziwiri pa selo limodzi.

Njira yoyamba, ya mayi wa m'buku uja, buleki yake ndi PTEN, imakhala pa chromosome 10, inapezeka mu 1997. Estrogen ndi insulin zikauza selo kuti kula, uthenga umadutsa pa PI3K kupita ku AKT, ndipo ntchito ya PTEN ndi kuzimitsa uthengawo, imachotsa phosphate pa PIP3 n'kuibweza kukhala PIP2. PTEN ikafa uthenga umangoyaka. Mu khansa ya mtundu wa endometrioid, umene ndi wochuluka kwambiri, PTEN imapezeka yowonongeka mpaka pafupifupi 8 pa 10 alionse, ndipo imawonongeka koyambirira, khansa isanabwere n'komwe. Chimene chimandisangalatsa ine pa nkhaniyi n'chakuti timagulu ta maselo opanda PTEN timapezeka ngakhale mwa azimayi abwinobwino amene akusamba, koma progesterone ikabwera mwezi ukatha timayoyoka n'kupita ndi magazi. Vuto limayamba pamene estrogen ilipo yokha popanda progesterone yoitsutsa, monga kwa mayi wa PCOS amene satulutsa dzira, kapena mayi wonenepa amene wasiya kumwezi, chifukwa mafuta a m'thupi ali ndi aromatase imene imapanga estrogen mabasiketi a mazira atagona kale. Apo timaselo topanda buleki tija timadyetsedwa chaka ndi chaka, timasanduka hyperplasia, kachikopa kukhuthala mopitirira, kenako atypical hyperplasia, pothera pake khansa, ndipo m'njiramo zimathyokanso zina monga ARID1A, kwinaku PIK3CA ndi KRAS zikuponda moto. Imayenda pang'onopang'ono, imataya magazi msanga, ikagwidwa ikadali m'chiberekero opaleshoni yokha nthawi zambiri imachiza, azimayi oposa 9 pa 10 amakhala ali moyo pakatha zaka 5.

Amai athuwa sanadutse njira imeneyo. Ana 8, kuyamwitsa zaka ndi zaka, mafuta m'thupi mulibe, estrogen yoti idyetse chotupa ichokera kuti. Yawo ndi njira yachiwiri, ya TP53, gene ya pa chromosome 17 imene imapanga puloteni ya p53, yodziwika kuyambira 1979. Iyi ntchito yake ndi ina. DNA ya selo ikawonongeka p53 imachuluka, imaimitsa selo kudzera mwa p21 kuti lisagawike mpaka likonzedwe, zikakanika imalilamula kuti lidziphe. Ikafa p53 selo lowonongeka limangogawikabe ndi zilema zake, ma chromosome amaduka, ena amachuluka ena amasowa, ndiye chifukwa chake pa microscope maselo a serous amaoneka oipa chonchija, ma nucleus akuluakulu osafanana. Mu serous carcinoma TP53 imakhala yowonongeka mwa oposa 9 pa 10. Ndipo apa lamulo la mabuleki awiri limapindika pang'ono, p53 imagwira ntchito zinayi zitagwirana pamodzi, ndiye imodzi yopunduka ikalowa m'gulumo imalepheretsa zinzake zabwino, kenako kope yabwino ija nayonso imatayika.

Mwina wina afunsa kuti ngati gene yafa, bwanji stain ikudetsa kwambiri m'malo mosowa. Funso labwino, ma student amakodwa napo chaka chilichonse. p53 yabwino sikhalitsa, MDM2 imaiphwanya pakangopita mphindi zochepa, ndiye pa slide yabwinobwino umaona selo apa lada pang'ono apo ayi, mwa patalipatali. Yopunduka ija siitha kuitanitsa MDM2 yoti iichotse, imangounjikana mu nucleus osagwira ntchito, slide yonse bii. Palinso mtundu wina wa kuwonongeka umene puloteni siipangidwa n'komwe, slide ya chotupa mbee pomwe maselo abwino a m'mbali ali ndi timadontho tawo, imeneyonso ndi abnormal. Ndiye mukalandira lipoti longoti "p53 positive" imbani foni mufunse kuti akutanthauza wild type, yabwinobwino ija, kapena abnormal, chifukwa chithandizo chimasiyana pamenepo.

Serous siifuna hyperplasia. Imayambira pa endometrium yofota ya gogo, kawirikawiri pamwamba pa ka polyp, ndipo maselo ake amasomphoka mosavuta n'kudutsa m'machubu kugwera m'mimba, moti utha kupeza yafika pa omentum, nsalu ya mafuta yophimba matumbo, pomwe khoma la chiberekero sinalidye n'komwe. Pa khansa zonse za endometrium serous ndi pafupifupi 1 pa 10 chabe koma imatenga pafupifupi 4 pa imfa 10 zilizonse. Ku America anaona kale kuti azimayi akuda amadwala mitundu ya p53 imeneyi kwambiri kuposa azungu ndipo amafa nayo kwambiri. Ine pa ndekha, poona amene amakhala pa benchi yathu, ndimaona kuti gogo woonda wotaya magazi tiyenera kumuopa kuposa mmene mabuku olembedwa ku Ulaya amatiuzira, awa ndi maganizo anga.

Kugawa pawiri kumeneku anayambitsa ndi Bokhman mu 1983, type 1 ndi type 2, ndipo kunatithandiza zaka zambiri. Mu 2013 a The Cancer Genome Atlas atawerenga DNA ya zotupa mazanamazana anapeza magulu anayi. Gulu la POLE, limene pa microscope limaoneka loopsa koma pafupifupi onse amachira. Gulu la mismatch repair yowonongeka, lapakatikati. Gulu lopanda chizindikiro chapadera, mmene muli ambiri a PTEN ndi estrogen aja. Ndi gulu la p53, loipitsitsa. Staging ya 2023 ya FIGO, bungwe la madotolo a azimayi padziko lonse, inalowetsamo zimenezi, moti chotupa cha p53 abnormal chimene chadya khoma la chiberekero chimakwezedwa kukhala stage IIC olo chisanatuluke kunja. Pali kamsampha kamodzi, chotupa cha POLE kapena cha mismatch repair chimatha kuthyolanso p53 panjira, zikatero chimatsata khalidwe la gulu loyambalo, osati la p53. Kwa amai athu mismatch repair inali bwino, POLE yosapimidwa, koma zaka 64, maonekedwe a serous yeniyeni ndi endometrium yofota m'mbali, tinaitenga ngati p53 abnormal ndipo anzathu a ku Lusaka anagwirizana nazo.

Kuwauza

Ndinawauza ali ndi mwana wawo ndi mlongo wawo wamwamuna, atsibweni a anawo, amene ndiye mwini mbumba ndipo popanda iwo ulendo wa ku Lusaka sukanatheka. Amai anamvetsera mpaka pamapeto kenako anatulutsanso khadi la VIA lija n'kuliika pa tebulo osanena kanthu. Ndinajambula chiberekero pa pepala, khomo pansi, chipinda pamwamba, kuti anapima apa, matenda ali umu, amene anakupimani sananame pa zimene anaona. Atsibweni anafunsa ngati opaleshoni siipangitsa khansa kubalalika, poti kwawo kuli wina "anangomutsegula n'kumwalira". Nkhani imeneyi timaimva kawirikawiri ndipo ili ndi pochokera, anthu amafika mochedwa, amatsegulidwa matenda atafalikira kale, mudzi n'kuona ngati mpeni ndi umene wapha. Ndinawayankha kuti pa sikani sitikuona kuti yafika patali, koma choonadi chidzadziwika akatsegula, ndipo sindingalonjeze kuchira.

Mwana wawo anadikira ena atuluke n'kubwerera yekha, "adotolo, mwati ni ma gene, ndiye kuti naine nizadwala? Nili na ana akazi atatu." Apa mpofunika kusamala kwambiri, mawu oti gene akangotuluka anthu amamva kuti za kumtundu. TP53 ya amai ake inathyokera m'chiberekero momwemo, mu selo limodzi, ukalamba uli mkati, siili m'magazi awo ndipo sanapatsire mwana aliyense. Kubadwa ndi TP53 yothyoka kuliko, Li-Fraumeni, koma n'kosowa ndipo banja lake limadziwika ndi khansa za ana ndi achinyamata, sarcoma, bere, ubongo, osati gogo wa zaka 64. Kubadwa ndi PTEN yothyoka ndi Cowden, nakonso n'kosowa. Cha kumtundu chimene timasakasaka pa khansa ya endometrium ndi Lynch syndrome, pafupifupi 3 pa odwala 100, pomwe munthu amabadwa ndi kope imodzi ya MLH1, MSH2, MSH6 kapena PMS2 yowonongeka. Ma gene amenewa ntchito yawo ndi kukonza zolakwika DNA ikamakopedwa, ndipo mayi wa Lynch, makamaka wa MLH1 kapena MSH2, mpata wodwala khansa ya endometrium pa moyo wake umafika 4 mpaka 5 pa 10, kuphatikizapo ya matumbo, nthawi zambiri asanafike zaka 50. Mapuloteni anayi aja atapezeka onse pa slide ya amai ake, Lynch inakhala yokayikitsa kwambiri, ndiye ndalama za stain zija zinagulanso mtendere wa mwanayu. Ndinamufunsabe za khansa ya bere ndi ya mabasiketi a mazira kubanja chifukwa serous ili ndi kaubale kochepa ndi BRCA1, panalibe. Iye mwini ali ndi zaka za m'ma 40, ndi wonenepa ndithu ndipo shuga yake ili m'malire, ndinamuuza mosabisa kuti ngozi yake iyeyo ili ku njira ya PTEN ija, osati ya amai ake, ndipo msambo ukadzayamba kusokonekera asadzadikire.

Kwa anzanga amene mungalandire lipoti loti MLH1 ndi PMS2 zasowa, musathamangire kuuza banja kuti ndi Lynch. Nthawi zambiri MLH1 imakhala yangotsekedwa pakamwa ndi methylation m'chotupa momwemo, si yobadwa nayo. Zikasowa MSH2 ndi MSH6, kapena MSH6 yokha, kapena PMS2 yokha, apo ndiye funsani bwinobwino za abale, ndani anadwala chiyani ali ndi zaka zingati, mbali ya amai ndi ya atate yomwe.

Chithandizo

Funso linalipo loti tingochotsa chiberekero konkuno, ndipo ikanakhala endometrioid ya grade 1 mwa mayi woti ulendo sangathe, ine ndikanavomera. Koma serous imafuna staging yonse ndi chemo pambuyo pake, kuchita theka kuno kenako n'kutumiza munthu wa bala ndi kumutayitsa nthawi. Tinawapatsa ayironi, tinalemba referral ndi zotsatira zonse pamodzi ndi nambala ya block, mwana wawo anakonza za inshuwalansi ya NHIMA, ananyamuka pa basi ya m'bandakucha, makilomita oposa 550 pa Great East Road, mayi wotaya madzi onunkha atakhala pampando tsiku lathunthu. Mwana wawo anagula matewera a akuluakulu ndi chitenje chakuda choyala pampando, ndipo anakhala ku windo. Tikamalemba "refer to Lusaka" tizikumbuka kuti tikulemba zimenezo.

Ku Lusaka CT sinaonetse kufalikira kutali. Anachotsa chiberekero chonse, machubu ndi mabasiketi a mazira onse awiri, omentum ndi anabere a m'chiuno. Histology inati serous carcinoma yadya kupitirira theka la khoma, yalowa m'timitsempha ta lymph, anabere awiri a m'chiuno ali ndi khansa, omentum ndi mabasiketi zoyera, khomo loyera. Stage IIIC1. Khomo loyera, onani, VIA ija ikanabwerezedwa kakhumi ikanatulukabe negative.

Ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa chija chinatsegulidwa mu 2007, anawayamba carboplatin ndi paclitaxel, maulendo 6 motalikirana masabata atatu. Pa gulu la p53 chemo si yongowonjezera ayi. Mu kafukufuku wa PORTEC-3 atagawa odwala potengera magulu anayi aja, a p53 abnormal amene analandira chemo pamodzi ndi radiation, 59 pa 100 anali opanda matenda patatha zaka 5, amene analandira radiation yokha 36 pa 100, pomwe a POLE anachira pafupifupi onse mbali zonse ziwiri. Kusiyana kotere pa stain imodzi ndi chifukwa chake ndimalimbikira kuti ipimidwe. Immunotherapy monga pembrolizumab ndi dostarlimab imagwira kwambiri pa gulu la mismatch repair yowonongeka, limene amai athu salimo, ndipo mtengo wake tisakambe n'komwe. Chimene chikanawathandiza mwina ndi HER2, puloteni ina ya pa maselo a chotupa, imapezeka yochuluka mwa pafupifupi serous imodzi pa zitatu kapena zinayi ndipo ikapezeka mankhwala a trastuzumab amawonjezera nthawi, ndinalemba pempho kuti block ikapimidwe.

Pakati pa maulendowo ankakhala ku Lusaka kwa mdzukulu, koma atamaliza wachitatu anakakamira kubwera kumudzi ati nshawa zikuwola m'munda, anachedwa masabata awiri pa wachinayi. Anadutsira kwa ife ndi Hb 7.8, tinawaika magazi, ma neutrophil anali bwino. Tsitsi linali litathothoka, amangomanga duku, izo sizinawadandaulitse kwenikweni. Chimene chinawapweteka ndi dzanzi la paclitaxel m'zala ndi kumapazi, anandionetsa manja kuti "nikamasenda nshawa sinimva kuti yasweka, nimangoona na maso", ndipo patapata amavuka osadziwa. Tinalembera a oncology, anachepetsa dozi pa maulendo otsalawo, ife tinawapatsa amitriptyline usiku ndi kuwauza kuti asamaothe moto pafupi kapena kuyenda opanda nsapato, phazi la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Anamaliza onse 6.

Mmene alili manje

Patha miyezi 4 chimalizireni chemo. Magazi ndi madzi aja zinasiya chichitireni opaleshoni, sikelo yakwera kufika 49 kg, Hb 11.2, pamwamba pa njira pomwe anasoka ndi posalala, m'mimba mulibe madzi pa sikani, CA-125, chizindikiro cha khansa chopimidwa m'magazi, imene inali yokwera asanachitidwe opaleshoni yatsika kufika mwakale. Dzanzi lachepa m'manja, kumapazi likadalipo. Za radiation ya m'chiuno a ku Lusaka ndi amene akuziyendetsa ndipo tsiku lobwerera analipatsidwa. Kwa ife azibwera miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri zoyamba, speculum ndi kupima ndi manja ulendo uliwonse, chifukwa serous ikabwerera imakonda zaka ziwiri kapena zitatu zoyambazo ndipo kawirikawiri imabwerera m'mimba kapena m'mapapo, osati pa bala pokha. Banja ndinaliuza zoyang'anira, mimba kutupa, kukhuta msanga, chifuwa chosatha, mwendo umodzi kutupa, magazi. Ndinawauzanso kuti pa stage imeneyi ndi mtundu umenewu mpata wobwerera ndi waukulu, atsibweni anangoti "tamva adotolo, tizabwera nawo".

Pa azimayi 10 otaya magazi atasiya kumwezi, pafupifupi mmodzi ndi amene amapezeka ndi khansa ya endometrium, ambiri otsalawo ndi kuuma kwa njira kapena polyp. Koma pa azimayi 10 a khansa imeneyi, 9 amabwera ndi magazi omwewo, ndipo poyang'ana nkhope kapena thupi simungadziwe kuti mmodziyo ndi uti, amai awa ndi umboni. Ndiye pempho langa kwa inu a pa kiliniki, mayi amene wakhala chaka osasamba akabwera ndi magazi olo kadontho, kapena madzi ofiirira, ikani speculum muone kumene akuchokera, khomo likakhala loyera musalembe negative n'kumubweza, lembani postmenopausal bleeding mumutumize kukachita sikani ndi biopsy sabata yomweyo. Maantibayotiki mupatseni ngati pali fungo koma referral ipite limodzi. Ndipo funsani, chifukwa ambuya sangayambe okha nkhani ya kumaso pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawo, ngati mpofunika itanani nasi wachikulire akhale nawo awiri.

Ife a chipatala chachikulu chathu n'chakuti pa fomu ya histology tizilemba zaka, kuti anasiya liti kumwezi, kukhuthala kwa endometrium, ndi kupempha p53 ndi mismatch repair poyamba pomwe m'malo modikira kuti banja lidzalipire kachiwiri, komanso nyama isagone mu saline, formalin ikhale yokwanira kuchulukitsa kakhumi kukula kwa nyamayo apo ayi ma stain amanama. Yankho la HER2 la amaiwa silinabwere mpaka pano, mwana wawo akulondola, likafika ndidzawonjezera pa lipoti lino.